Nsalu Yokhala ndi Nkhope Yanga

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ana anga anandidindira nsalu. Chithunzi anatumiza ku Lilongwe, ndipo nsaluzo zinabwera m'chikwama cha nesi wina amene ankachokera ku holide. Zinali zobiriwira, nkhope yanga ili pakati, nditavala jekete la pa ukwati wa mwana wathu woyamba. Pa phwando, mu holo ya tchalitchi chathu ku Wolverhampton, amayi onse anavala ine: apongozi, manesi a ku chipatala cha New Cross anzake a mwana wathu, ngakhale mayi wina wa ku Chipata amene sindinkamudziwa n'komwe. Amene sanavale ndi akazi anga okha. Yawo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'sutikesi ya pamwamba pa wodulopu.

Sindinafunse, poti chifukwa chake ndinkachidziwa. Chiyambire masiku a chipani chimodzi, akazi anga savala nsalu ya nkhope ya munthu. Masiku amenewo ine ndinali mnyamata wa malaya ofiira, woima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani, wokweza amayi pa lole kuti akavine atavala nkhope ya mtsogoleri. Kuwerenga sindinkadziwa, khadi ndinkalizindikira ndi mtundu. Sukulu ya kwacha ndinailowa ndevu zitamera kale. Tinali titangokwatirana kumene pamene mlongo wa akazi anga anakana kugula khadi chifukwa cha chikhulupiriro chake. Lole inamutenga pamsika pathu pomwepo, ndipo sanabwererenso. Tsiku limenelo ine ndinali pachipata. Iwo amadziwa, inenso ndimadziwa, ndipo takalamba limodzi osaitchula nkhaniyo.

Choncho ndinkadzitonthoza kuti sakukana ine ayi, akukana nkhope ya wina aliyense.

Kenaka mdzukulu wathu wamkazi, amene amaphunzira ku yunivesite ku Birmingham, anabwera Loweruka lina ndi nkhani. Iye ndi anzake, pamodzi ndi mabanja angapo a ku Guatemala, ankakonza tsiku lolemekeza mayi wina wa mtundu wa Amaya, amene analandira mphoto yaikulu ya mtendere. Anatiuza kuti mayiyo anakulira m'minda ya eni chuma, kuti boma la kwawo linkapha anthu a mtundu wake, ndipo iye anathawa n'kukauza dziko lonse.

Akazi anga ankadula anyezi. Mpeni unaima.

“Pa abale ake analipo amene anatengedwa?”

“Mlongo wake, agogo. Anamutenga asilikali.”

“Anabwerera?”

“No, gogo. They killed him.”

Akazi anga anatsuka mpeni uja ngakhale anyezi anali asanathe.

Amayi a kutchalitchi atamva kuti mwana wawo akukonza mwambo, anachita zimene Amalawi timachita. Munthu wolemekezeka amadindidwa pa nsalu, basi. Mdzukulu anayesa kunena kuti mwina eni ake satero, koma amayiwo anamuyankha kuti, “Iwe wabadwira kuno, za ulemu utisiyire.” Nsalu zinabwera, zofiirira, nkhope yozungulira ya mayi uja ikumwetulira pakati pa maluwa.

Ine mayiyo anali atayamba kale kundiwawa. Mdzukulu anali atandiuza kuti naye chilankhulo cha boma anachidziwa bwino atakula. Ndiye tonse ndife ochedwa, ndinatero mumtima. Koma mnzanga kuchedwa kwake kunamufikitsa pamaso pa mafumu a dziko, pamene ine ndinapata setifiketi imene chiswe chinadya ku Dowa. Iye ali ndi nkhani yoti akaikamba anthu amaimirira. Yanga ndi yoti ndikaiyamba, ana angatuluke m'chipinda.

Tsikulo tinakwera sitima kupita ku Birmingham kukugwa kamvula kawo kosatha kaja. Akazi anga anali ndi chikwama chachikulu pamiyendo. Titalowa mu holo anapita kumbuyo ndi amayi anzawo, ndipo potuluka anali atamanga nsalu yofiirira m'chiuno. Ndinayang'ana kawiri. Anaimanga mwaluso ngati mtsikana, mfundo kumanzere, monga ankamangira ndisanawakwatire. Nkhope ya mlendo, munthu woti sanamuonepo, sanamuphikirepo, sanamuchapirepo malaya.

Mtima unanditentha. Ndinakhala pampando wa kumapeto, chipewa pabondo.

Alendo a ku Guatemala analowa atavala mabulauzi awo opeta amitundumitundu. Ataona amayi athu anaima chilili. Ana obadwira kuno sadziwa, koma nsalu ikamangidwa, nkhope imagwera kumbuyo. Pamene wotsogolera mwambo anati tikhale pansi, amayi onse anamukhalira mayi wa mphoto uja nthawi imodzi. Mdzukulu anabisa nkhope m'manja. “Oh my God, agogo,” anandinong'oneza. Ine, ndinene zoona, kamtima kanakhala m'malo pang'ono.

Koma gogo wina wa ku Guatemala, wamfupi, wa tsitsi loluka lalitali, anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi. Kudzera mwa mtsikana womasulira anati kwawo saika nkhope pa chovala, amaluka mbalame ndi chimanga, kuti woona adziwe mudzi umene munthu akuchokera. Nesi wina wa ku Mulanje sanachedwe: “Muwauze amayiwo kuti kwathu tikakukonda timakunyamula paliponse, ngakhale pokhala.” Holo yonse inaseka. Gogo uja anapita kwa akazi anga, n'kugwira nsalu ija ndi zala, ndipo awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali popanda womasulira.

Ndipamene ndinayang'ana kutsogolo. Pa tebulo panali chithunzi chachikulu cha mayi uja, makandulo ndi zisononkho za chimanga. Pansi pa zonsezo anayalapo nsalu yobiriwira yoipinda pawiri. Pakona, pamene inalendewera, panali khutu. Khutu langa, ndi kolala ya jekete la pa ukwati lija.

Zimene analankhula anthu tsiku limenelo sindinazimve. Ndinkangoona phula la kandulo likudontha, mayi wa Amaya ataima pamutu panga.

M'mawa mwake ndinapeza akazi anga m'khitchini atayala nsalu yanga pa thabwa lositira. Ankaika pepala pamene padontha phula n'kudinda ndi simbi, phula n'kulowa m'pepalamo. Ankachita mosamala, osathamanga.

“Ya mlendo mwavala,” ndinatero. “Yanga mwayala pa tebulo.”

“Tebulo lija linali lothothoka penti, bambo.”

“Munkati simuvala nkhope ya munthu.”

“Ndinanena liti?”

Ndinaganiza. Zoonadi, sananenepo. Ndine ndinkadzinenera.

Anaimika simbi. “Alongo anga analibe chithunzi, ngakhale chimodzi. Ndikanadinda chiyani? Mayi uja mlongo wake anamutchula dzina, dziko lonse linamva. Ndavala pakamwa pakepo.”

Atatero anandiyang'ana. Sanali okwiya. Ankangodikira, monga munthu amadikirira ketulo. Dzina la mlamu wanga ndimalidziwa, ndipo linakwera mpaka pakhosi. Panja basi inadutsa. Ndinayang'ana nkhope yanga pa thabwa paja, yosalala bwino, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe.

“Phula latsala pakhutupo,” ndinatero.

Anaikapo pepala, anadinda, anachotsa. Kenaka anaipinda nsalu ija m'mapindo ake akale omwe aja n'kundipatsa.

“Inu ndinu wamtali. Kaibwezereni.”

Ndinakwera pa kampando, ndinatsitsa sutikesi, ndinaiikamo ndekha.

Yofiirira ija imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu. Akazi anga amaivala Lamulungu popita ku tchalitchi, pamwamba pa diresi, ndipo tikamapita kokwerera basi iwo amatsogola chifukwa mawondo anga sathamanganso. Njira yonse ndimayenda pambuyo, mayi wa Amaya akundimwetulira.