Wezulo ya Bambo Anga Mwaitaya Kudzala Liti?

Ofesi ija ya ku Al Muraqqabat, yodzitama kuti imafufuzira anthu makolo awo akunja, yataya wezulo ya bambo anga. Sikuti yasowa ayi. Aitaya m'bini ngati khoko la nthochi.

Ndiyambe poyambira, abale, kuti mumve bwino. Ine ndimalera ana a madamu ena kuno kunja, ku Al Barsha. Bambo anga, kwathu ku Dedza, anabadwa oyera khungu, tsitsi lofewa. Anawabereka mzungu wapolisi wa pa boma nthawi ya atsamunda, yemwe anachoka iwo ali m'mimba. Dzina lake lenileni palibe ankalidziwa, anthu ankangoti Bwana Kamluzu. Chodziwika n'chakuti ankalusa ukamutcha Mngelezi, chifukwa kwawo kunali ku Ireland, komwe anayambira upolisiwo. Anasiya chinthu chimodzi chokha: wezulo yachitsulo yokhala ndi nambala.

Bambo anakula opanda mfunda. Anzawo akamamva "Zikomo aPhiri", "Zikomo aBanda", iwo ankamva "Zikomo aMzungu", anthu n'kuseka. Anabwereka mfunda wa amalume awo, koma ankautchula motsitsa mawu. Wezulo ija ndiyo inali bambo wawo. Madzulo ankatiitana nayo kuchokera kosewera. Inkalira mosasa, ngati tambala wachimfine, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ana a kwa aMzungu athamange.

Nditapita kutchuthi, korona asanabwere, bambo anaivula m'khosi n'kundiika m'manja.

"Mama, kunja uliko anthu ngodziwa zinthu," anatero. "Wansembe wina anandiuza kuti ku Ireland mabuku akale a polisi sanataye. Akuti muli dzina la munthu, msinkhu wake, ngakhale mudzi wa kwawo. Ukandifunsire. Ndidzafe ndikudziwa kuti ndine mwana wa yani. Koma ubwere nayo."

Kenaka korona uja. Miyezi yambirimbiri madamu sankandilola ngakhale kufika pageti. Tsiku loyamba limene anandimasula, anzanga anathamangira kokagula zovala, ine ndinakwera sitima ya metro, masiki pakamwa, wezulo pachifuwa.

Pa kauntala panali bambo wa tayi, kuseri kwa galasi. Moni sanandipatse. Funso lake loyamba linali lakuti, madamu ako ali kuti? Ndinati ndadzera zanga, agogo anga anali wapolisi wa ku Ireland. Anandiyang'ana manja, n'kundiyang'ana nkhope. Masiki imabisa mano, koma maso amaseka ndithu.

"Iwe? Ireland?"

Kodi magazi amalembedwa pachipumi, abale?

Ndinamuonetsa chithunzi cha nambala pafoni. Anati manambala akumapeto ndi ofufutika, katswiri wawo ayenera kuona chinthu chenichenicho pansi pa nyali. Nditaitulutsa, munthu wamkulu anadumphira m'mbuyo ngati ndatulutsa njoka. Akuti chinthu cha pakamwa chimenecho, korona! Anandilozera kathumba kapulasitiki ndi katoni imene inali pafupi ndi chitseko. Akuti iyambe yapoperedwa mankhwala, katswiri adzaiona pambuyo.

Mtima unandikana. Ndinamuuza kuti chinthuchi n'cha munthu wokalamba, ndipo china ngati ichi kulibe. Ndinapempha kuti alembe penapake kuti ndasiya wezulo. Anati lisiti la malipiro ndi lokwanira.

"Yalla, fulumira, pali ena pamzere. Sabata yamawa, inshallah."

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndinaiika ndekha m'katoni muja, ndi dzanja langali.

Sabata yamawayo ndinaimba foni. Inshallah. Ina ija, katswiri ali kukwarantini. Ina ija, foni inangolira mpaka kudula.

Kenaka achimwene anga a Yohane anandiimbira. Bambo agonekedwa, mpweya ukuwavuta. Ndinawaona pavidiyo, machubu m'mphuno, nkhope itatha.

"Mama, dzina lija wapeza?"

"Posachedwa, ababa."

"Chabwino. Tandiimbira wezulo ndimve."

Ndinati ana a madamu akugona, ndiimba mawa. Nditadula foni ndinalira mpaka kamwana ka madamu kanabwera kudzandipukuta misozi ndi chidole chake.

M'mawa mwake ndinagwada pamaso pa madamu kuti andilole. Ndinafika pa ofesi nthawi ya 9, akungotsegula. Ndinati dzinalo lisiyeni kaye, ndipatseni wezulo. Bambo wa tayi anasuzumira m'katoni. Munalibe kanthu. Anasegula madilowa awiri, mwamwambo chabe. Kenaka anandiuza, osaphethira n'komwe, kuti anthu opopera mankhwala amataya chilichonse chimene chakhalitsa m'katonimo. Akuti ndi lamulo la korona.

Lamulo limenelo munandiuza? Katswiri wanuyo anaiona n'komwe? Nambala munailemba pati?

"Khalas, basi, yapita," anatero. "Pansipa pali shopu ya zamasewera, mawezulo ali mbwee. Ndikugulira awiri ngati ukufuna."

Awiri! Anaonjezanso kuti ndikadzabwera kudzafufuza kholo lina adzanditsitsira mtengo. Kholo lina liti? Kodi makolo timagula pa seli?

Ndikuuzeni zoona. Shopuyo ndinalowamo. Ndinasankha yachitsulo, yooneka ngati yakale. Ndinakhala pamasitepe a nyumba yomweyo, n'kuimbira achimwene kuti aike foni pakhutu pa bambo. Ndinatsitsa masiki, n'kuimba.

Inalira bwino kwambiri. Mawu osalala, a wezulo yatsopano.

Bambo anamvetsera. Kenaka anati, "Si imeneyo, mama." Anakoka mpweya movutikira. "Wachita bwino kuisunga, isamangotulukatuluka. Ubwere nayo pobwera."

Anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo. Maliro ndinaonera pafoni, m'kachipinda kochapira, makina akuzungulira pambali panga. Ulendo wakwathu sukanatheka. Achimwene anandifunsa kuti pamtanda alembe dzina liti. Analemba mfunda wobwereka uja.

Mtima wanga ukupweteka, abale, ndipo ndakwiya. Munthu anasunga chinthu kuyambira ali khanda mpaka imvi mbuu. Njala sinamugulitsitse, akuba sanamulande. Ofesi ya magalasi ndi mafiriji oziziritsa mpweya yachitaya pa masabata ochepa, pepani osanena.

Dzulo anditumizira uthenga pafoni. Akuti ndiwapatse nyenyezi zingati pa ntchito yawo yabwino.

Inu amene muli ndi kanthu ka makolo, kaya mendulo, kaya chithunzi, kaya batani la yunifomu, musakasiye m'manja mwa munthu. Akati siyani, nyamukani muzipita.

Ndipo inu a ofesi, ndalama zanga idyani. Dzina la mzunguyo khalani nalo, wolifunayo anagona kale. Ndiuzeni chinthu chimodzi: galimoto ya zinyalala zanu imakatayira kudzala liti? Tsiku langa lopuma ndikakumba ndekha. Bambo anga atsikira m'manda akukhulupirira kuti wezulo ili ndi ine.