Fomu ya Ragibi Ndikaibweza, Amalume

Amalume a Fred, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndikukumbukira Loweruka lija tinkaonera ragibi muwodi momwe munagonekedwa kuchipatala cha ku Wakefield, timu ya dziko la Wales itapambana. Manesi anaomba m'manja, inu munangoti "mhm". Ndinakufunsani kuti, "Bwanji amalume, si kwanu kwachiwiri kumeneku?" Munati, "Mphwanga, m'katauni ka ku Wales komwe ndinkasamalira okalamba, Loweruka likafika onse ankavuta kuti tiwakankhe pa njinga zawo mpaka ku bwalo. Kenako akuluakulu anaphatikiza makalabu n'kupanga matimu ochepa a zigawo, ati kuti timu ya dziko ilimbe. Yalimbadi, waiona. Koma anyamata aluso onse anatengedwa, pabwalo paja tinatsala ine ndi galu wa mlonda."

Dzulo kunabwera bambo wina wa jekete lokongola ku kalabu yaing'ono komwe ndimasewera ragibi. Akufuna atatu mwa ife ku timu ya chigawo, ndipo anatisiyira mafomu oti tisaine. Amayankhula mokoma, koma ndinaona kuti sanapereke n'komwe moni kwa kochi wathu, ndipo dzina langa anachita kuliwerenga papepala kawiri konse. Tikachoka atatufe, otsalawo sakwana khumi ndi asanu ofunika pa masewera, timu yathera pomwepo. Amayi akuti ndisaine, mwayi wotere subweranso. Nthawi zina ndimakukayikirani inunso, amalume, kuti mwina anali matenda chabe omwe ankakuwawitsani mtima. Komabe fomuyo akuifuna Lachisanu, ndipo ndikaibweza yosasaina. Amayi sindinawauze. Mukanakhalapo, mukanawauza ndinu.