Malume Taibu Anati Palibe Vuto

"...ndiye jekete yobiriwirayo akumaivala mpaka kukantini. Kutentha konseku. Munthu akudya biriyani thukuta lili kamukamu, koma kuvula ayi, akuopa kuti tingaiwale zoti anasankhidwa."

"Mukunena a Kalaba?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Nanga pali winanso amene akuyenda ngati Dubai anamanga ndi bambo ake?"

Amalankhulawo anali malume anga a Taibu, achimwene a mayi anga. Tinali pa benchi kuseri kwa filingi siteshoni imene amagwirako ntchito, m'mbali mwa msewu wolowera ku Mirdif. Inali nthawi yawo yopuma masana. Ine ndinali nditangobwerera kumene ku Dubai. Ndinayesa kukakhala kwathu ku Ntaja miyezi isanu ndi iwiri, koma mapazi ankangondiyabwa, ndipo anthu ankati ndikuyenda mothamanga ngati wathawa moto. Ndinapezanso ntchito yanga yakale pa hotela ina ku Business Bay, yoperekera tiyi ndi madzi m'zipinda za misonkhano.

Malume moyo wawo wonse ndi petulo. Anayamba ali mnyamata, kugulitsa wa m'zigubu pamsewu wa ku Liwonde. Kenako analembedwa pa filingi ya pomwepo, mpaka anapeza mwayi wobwera kuno zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Galimoto ikamakhota kulowa, iwo amakhala atadziwa kale ngati ili ya dizilo, komanso mbali imene kuli thanki. Pali amayi ena a ku Mirdif amene amatsitsa galasi pang'ono chabe, kungokwana zala ziwiri, osanena kanthu, malume n'kuthira mafuta oyenera. Pampu yawo ndi nambala foro. Amaipukuta m'mawa uliwonse asanayambe shifiti, ngakhale pali anthu olembedwa ntchito yopukuta. Ku Ntaja kuli akazi awo, nyumba ya malata ndi ana aakazi awiri amene ali ku sekondale. Zonsezo zaima pa pampu imeneyo, chifukwa kuno ntchito ikatha, viza imatha nayo limodzi.

Chaka chatha kampani inalengeza kuti ichotsa mapampu ena n'kuikapo zotchajira galimoto zamagetsi. Chotchajira sichifuna munthu woimirira pambali. Mwini galimoto amalumikiza yekha chingwe, n'kupita kukamwa khofi. Koma chikawonongeka chimafuna wokonza. Ndiye kampaniyo, pamodzi ndi bungwe lina la kunja, inakhazikitsa thumba lophunzitsira antchito amene ntchito yawo ikutha, kuti akhale amisiri a zotchajirazo. Malo anali asanu ndi limodzi okha pa masiteshoni onse a mbali imeneyi. Kunabwera mayi wina dzina lake Kelly, wa ku Joni, kudzacheza ndi antchito mmodzimmodzi kuti aone amene ali pa ngozi kwambiri.

Malume anandifotokozera mmene zinayendera, ndipo poyamba ankafotokoza monyadira. Analowa mu kaofesi ka manejala, manejalayo atakhala pakona. Anayamba ndi kuwathirira mayiwo tiyi, chifukwa anaona kuti kapu yawo yatha.

"Bambo Taibu, mukuda nkhawa ndi tsogolo la ntchito yanu?"

"Alhamdulillah, madamu, palibe vuto."

"Ntchito ino itatha, mungapeze ina?"

"Wopatsa ndi Mulungu. Kampani yatisunga bwino kwambiri."

"Kunyumba zinthu zili bwanji?"

"Onse ali bwino, akupereka moni."

Mayiwo analemba pa fomu, n'kuwathokoza. Malume anatuluka mtima uli m'malo. Sanawachititse manyazi abwana pamaso pa mlendo, sanadandaule ngati munthu wosaleredwa. Kwathu ngakhale uli gone m'chipatala, wodzazonda akafunsa umati ndili bwinoko. Mavuto amanenedwa pambuyo, madzi atamwedwa, ndipo nthawi zambiri amawanena ndi wina.

Pambuyo pawo panalowa a Kalaba, bambo wa ku Lusaka wa zaka za m'ma sate, amene amagona bedi lapamwamba pa la malume m'nyumba za kampani. Iwo anakhuthula zonse. Anati bambo awo ankagwira ku mgodi wa malasha kumwera kwa Zambia, ndipo mgodiwo utachepetsa anthu anawapatsa chanza ndi kalata yothokoza. Anafotokoza mmene sitolo za pafupi ndi mgodi zinatsekekera imodziimodzi, mmene banja linasamukira ku Lusaka kukapanikizana kwa achibale. Anati iwo safuna kuti ziwachitikire kawiri. Dzina lawo linatuluka loyamba pa mndandanda. La malume panalibe.

Kuyambira pamenepo malume anasiya kuwaitana kuti mwana wanga. Anayamba kuwaitana kuti Injiniya.

"A Injiniya, tingayatse fani, kapena tidikire lipoti lanu?"

"Ba Taibu, nanga ine nalakwa chani? Ananifunsa, nayankha chabe."

"Ayi, mwayankha bwino. Mwalira mokoma. Akanakhalapo a wailesi akanakujambulani."

Kale ankadya mbale imodzi. Tsopano malume ankadya atayang'ana kukhoma. A Kalaba akatsegula buku lawo la mawaya pa bedi lapamwamba, malume ankatsegula mawu a foni n'kumamvera mpira wa ku Malawi mokweza, ngakhale wa matimu amene sawadziwa. Koma ndinawapezapo malume tsiku lina a Kalaba kulibe, atatenga bukulo, akuyendetsa chala pa zithunzi. Atandiona anati akufuna pepala lokulungira sopo.

Sindingawaseke kwambiri, chifukwa nsanje yomweyo inali ndi ine. Ku hotela kwathu kumachitika misonkhano ya nkhani zimenezi. Ndaimapo kumbuyo ndi fulasiki ya tiyi, ndikumva anthu a masuti akukambirana za ndalama zothandizira madera amene amadalira malasha ndi mafuta, kuti migodi ikamatsekedwa anthu asagwe chagada. Amatchula madera a ku Ulaya, ku Asia, ku Joni. Amaonetsa zithunzi za amuna amene kale ankakumba malasha, tsopano avala zipewa zoyera pafupi ndi masola. Ine ndimangoti, koma abale. Amene anadetsa mlengalenga ndi omwe akupukutidwa misozi, pomwe kwathu namondwe anakokolola minda, ndipo anthu amagona pa mzere wa petulo. Ntaja sadzatchulidwa m'chipinda chimenecho. Chimene ndinaphunzira nditaima kumbuyoko n'chakuti thumba lotere limapita kwa amene wanena poyera pamene pakumupweteka.

Ndinawauza malume zimenezo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, malume."

"Ndipo mlendo ndi mame, Hadija. Sumulandira ndi maliro."

"Sanali mlendo. Anali fomu yovala diresi."

"Ukuona? Chimenechi n'chimene unalephera nacho kukhala kumudzi."

Mu Disembala kunabwera chikalata, anachimata pakhomo la kantini. Mapampu kuyambira nambala firii mpaka sikisi achotsedwa mu Malichi. Malume anachiwerenga kawiri, n'kubwerera kukagwira ntchito. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezi, anafunsa kasitomala kuti thanki ili mbali iti.

Ndinafufuza ndipo ndinapeza kuti ofesi ya mayi Kelly ili ku Business Bay komweko, nyumba zitatu kuchoka pa hotela yathu. Ndinawauza malume kuti apite akanene zoona.

"Munthu wamkulu sadzinenera yekha," anatero. "Ngakhale pofunsira mbeta pamapita ena. Ndikaime pamaso pa mzimayi n'kumati ndine wovutika, ndithandizeni? Ndiye ndatsala ndi chiyani?"

"Ndikakunenereni ine."

"Iwe ndiwe mwana. Komanso Chingelezi chako n'chamwano."

Wokanena, malinga ndi malume, anayenera kukhala munthu wodziwa ntchito yawo, amene kuofesiko amamudziwa ndipo amamumvera. Tonse tinadziwa kuti munthu woteroyo ndi mmodzi yekha. Malume anakhala masiku atatu osaitchulanso nkhaniyo. Tsiku lachinayi anandiimbira foni kuti ndibwere pa nthawi yopuma.

Ndinawapeza pa benchi ija, malume kumapeto kuno, a Kalaba kumapeto uko ndi jekete yawo. Anandikhazika pakati.

"Uwauze a Injiniya," malume anatero akuyang'ana msewu, "kuti pali kaulendo ka ku Business Bay."

Ndinatembenuka. "Akuti pali kaulendo."

"Namva, sisita, nili pompano. Uwafunse ba mudala kuti nikakambe chani."

"Uwauze kuti iwo ndi amene amadziwa kulira. Asankhe okha nyimbo."

A Kalaba anaseka mpaka anatsamira khoma. Kenako anasiya kuseka. "Uwauze kuti nizapita. Koma nikayamba kukamba, asanidule. Ngakhale ziwawe bwanji."

Malume anagwedeza mutu pang'ono, osawayang'ana. "Khalas, yatha," anatero.

Tinapita Lachiwiri m'mawa, onse awiri atasinthana mashifiti ndi anzawo. Malume anavala mkanjo woyera wa Lachisanu ndi kachipewa kake. Mu lifiti anaima chilili, akuyang'ana manambala akukwera mpaka naintini. Mayi Kelly anatilandira m'kachipinda ka magalasi, ndipo anawazindikira nthawi yomweyo.

"Bambo Taibu, muli bwanji?"

"Alhamdulillah, madamu, palibe..."

A Kalaba anawaponda phazi pansi pa tebulo. Ndinamva nsapato ikugunda.

Kenako a Kalaba analankhula. Anati bambo awa ali ndi zaka fifite thuu. Anati mawondo awo amatupa akaima shifiti yonse, ndipo amawamanga ndi nsalu m'kati mwa thalauza kuti manejala asaone. Anati sadziwa ntchito ina iliyonse kupatula mafuta, ndipo akabwerera kwawo mu Malichi ana awo awiri asiya sukulu. Anati munthu ameneyu ndi amene anawaphunzitsa iwo ntchito atangofika, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi sanathirepo petulo m'galimoto ya dizilo. Anati tsiku lija ananena kuti palibe vuto chifukwa kwawo munthu sadandaula abwana ake ali pomwepo.

Za mawondozo ine sindinkazidziwa. Malume anangoti zyoli, akuyang'ana manja awo, ngati munthu amene akumuvula pamsika.

Mayi Kelly anati pa anthu onse amene anacheza nawo, malume okha ndi amene anati zonse zili bwino, ndipo iwo anakhulupirira. Anati sanayenere kutero, chifukwa bambo awo omwe, amene ankagwira ntchito kudera la malasha kwawoko, ankayankha chimodzimodzi mpaka tsiku lomaliza. Koma malo asanu ndi limodzi aja anadzaza, ndipo thumba la chaka chino linatsekedwa. Chimene akanatha n'chimodzi. Mu Febuluwale kuli mayeso a manja, a chitetezo pa zamagetsi. Akawalemba dzina. Malume akakhoza, adzakhala oyamba pa gulu lachiwiri, ndipo mayiwo adzapempha kampani kuti iwasunge kaye pa pampu ina podikira.

"Gulu lachiwirilo liliko ndithu?" ndinafunsa.

"Ndalama zikabwera. Inshallah."

Tili panja, malume anapukuta nkhope ndi kansalu. "Inshallah ya mu ofesi," anatero. "Siidziwika ngati ili ndi Mulungu m'kati."

"Koma dzina alemba, ba Taibu."

"Alemba. Nanga za mawondo anakutumani ndani?"

"Munati nisankhe neka nyimbo."

"Mwaimba bwino," malume anatero, ndipo mawu awo anali owawa. "Mavuto ndi anga, koma akukoma m'kamwa mwa wina. Ngakhale kuvutika kwanga komwe mukundiposa."

Tinayenda kulowera kokwerera basi, dzuwa litayamba kale kuluma. A Kalaba anati mayesowo si ovuta, angofunika kudziwa waya wamoto ndi wozizira, kuzimitsa asanagwire, ndi kuyesa kaye ngati magetsi achokadi. Anati kwatsala masabata asanu ndi awiri, ndipo akhoza kumawaonetsa akaweruka.

"Ndiye ndizikhala pansi ine, inu pamwamba, mukundiphunzitsa."

"Bedi yanu ili kale pansi, mudala."

Malume sanaseke, koma sanakanenso. Titatsika basi pafupi ndi nyumba za kampani, anaima pa kasitolo ka Mpakistani kogulitsa mababu, maloko ndi mipope. Anafunsa a Kalaba dzina la kachipangizo koyesera magetsi, kooneka ngati sikuludiraiva, kamene kamayaka kumapeto kakagunda waya wamoto.

"Tesita. Koma musagule, ku kosi anatipatsa ziwiri. Nizakupatsani imodzi."

"Ya thumba lanu? Sungani, a Injiniya."

Analowa okha. Tinawaona pawindo akusankha, akukweza iliyonse kuyang'ana kuwala, akuibweza, ngati mmene amasankhira mavwende. Wogulitsa anaiyesa pa soketi ya pakhoma, kanyali n'kuyaka, malume n'kumuuza kuti ayesenso. Anatuluka ndi yofiira. Jumbo anaikana. Anaikoleka m'thumba la pachifuwa la mkanjo wawo, kamutu kake kakuonekera, n'kutsogola njira ya kunyumba, ife tikubwera pambuyo.