Ku Mbayani kunalibe mwana wakhungu

Ndinali telala. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye m'tauni ya Blantyre, ndipo tinkakhala ku Mbayani. Kwathu ndi ku Nsanje. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, anadwala chikuku asanayambe sukulu. Chikuku chinatha koma maso anapita nacho. Kuchipatala anatiuza kuti palibe chimene angachite. Amayi ake analira nthawi yaitali. Ine ndinabwerera pamakina.

Msinkhu wa sukulu utakwana, ndinamusokera yunifolomu ngati ya ana ena onse, ndi kupita naye kwa ahedi a sukulu ya kwathuko. Ahediwo anayang'ana mwana, kenako ine.

"Atelala, ameneyu tizimuphunzitsa chiyani? Bolodi saliona."

"Makutu ali nawo," ndinatero.

Anamulandira. Ankakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kumamvetsera. Nyimbo ankazigwira msanga, masamu a pakamwa ankayankha. Koma anzake akatenga mapensulo, iye ankangoika manja pamwendo. Mayeso sankalemba, choncho kalasi sankakwera. Anzake anapita patsogolo, kunabwera ena aang'ono, iye ali pomwepo pafupi ndi chitseko.

Tsiku lina munthu wina wa ku ofesi ya maphunziro anabwera kudzasoketsa buluku. Ndikumuyeza, anandiuza kuti boma laphunzitsa aphunzitsi a ana akhungu, ndipo mmodzi abwera kuno. Mphunzitsiyo amaphunzitsa ana kuwerenga ndi zala, timadontho totukuka papepala lolimba. Anati adzamuika pa sukulu imodzi, kumene kukapezeke ana otere ambiri, kaya mbali ya Blantyre kaya mbali ya Limbe. Ndinauza amayi a mwana madzulo ake. Tinayamba kudikira.

Achinyamata a lero sadziwa m'mene tinkalandirira akuluakulu masiku a chipani chimodzi. Wamkulu akati abwera, miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa njereza. Opemphapempha ankachotsedwa m'makonde. Ife matelala ankatiuza kuti tibise nsanza ndi zigamba kuseri kwa sitolo. Chilichonse chosaoneka bwino chinkasowa kufikira galimoto zitadutsa. Tinazolowera, moti sitinkafunsanso.

Ndiye tsiku lina nditaweruka ndinamva kuti mwana anabwezedwa m'mawa. Amayi ake anati ahedi anena kuti kukubwera alendo, mwana apume lero, abwere mawa. Mawa lake anapitadi, nakhala pamalo pake.

Patapita miyezi tinamva kuti mphunzitsi uja wafika, ndipo amuika ku Limbe. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, mayi amene ankaphunzitsa kalasi ya mwana wanga anandikokera pambali. Ankalankhula motsitsa mawu, maso ali uku ndi uku.

"Bambo, alendo aja anabwera tsiku lija, mukudziwa ankafuna chiyani? Ankafuna ana akhungu ndi osamva. Analowa kalasi ndi kalasi. Ahedi anawauza kuti kuno tilibe, ana athu onse ndi abwinobwino."

"Inu munali pomwepo?"

"Ndinalipo. Ndikanatani? Musanene kuti mwamva kwa ine."

Lolemba sindinatsegule makina. Ndinapita kusukulu. Ahedi ndinawapeza pakhomo la ofesi yawo, atavala jekete ya baji ya chipani.

"Ahedi, mwana wanga munamubisiranji?"

"Aa, atelala, kubisa kotani? Ndinangomupumitsa. Uthenga unangoti kukubwera akuluakulu a maphunziro. Sananene chimene akudzera. Inuyo kasitomala akabwera, mumayala nsalu yong'ambika patsogolo?"

"Mwana wanga si nsalu yong'ambika."

"Sindikutero ayi. Koma mnzanga wina anatsitsidwa udindo chifukwa alendo anapeza ana osavala bwino. Nanenso ndili ndi ana kunyumba. Sanali wanu yekha. Ndinabwezanso wina wosamva ndi wina wolumala woyendera ndodo."

Ananena zimenezi ngati akunditonthoza. Ndinatembenuka n'kumapita.

Ku ofesi ya maphunziro ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amene anandilandira anali bwana wachinyamata wa tayi. Sanali munthu woipa. Anandifotokozera bwinobwino. Mphunzitsi ndi mmodzi, masukulu ndi ambiri. Alendo aja anazungulira onse, a m'tauni, a ku Naperi, a ku Ndirande, a ku Limbe. Mbali ya Limbe anapeza ana angapo. Ku Mbayani sanapeze ngakhale mmodzi.

"Alipo, bwana. Ndi wanga."

"Ndamva, bambo. Koma dongosolo linapita kale kulikulu, ndipo linavomerezedwa."

"Ndiye alembereni kuti likonzedwe."

Anaika cholembera pansi. "Bambo, mukufuna kunena kuti boma lalakwitsa?"

Kalaliki amene ankatayipa pakona anasiya kutayipa. Masiku amenewo funso limenelo linali ndi yankho limodzi lokha.

"Ayi, bwana," ndinatero.

Bwanayo atandiperekeza pakhomo anandinong'oneza kuti ndipite naye mwanayo ku Limbe, ndikalankhule ndi mphunzitsi mwini wake.

Mphunzitsiyo anali bambo wofatsa, wowonda. Anamupatsa kachipinda kamene kale ankasungiramo makasu ndi matsache a sukulu. Munali makina amodzi olembera timadontho, timatabwa tobowola ndi tizitsulo tolembera. Ana ankakhala m'makalasi ndi anzawo oona, n'kumabwera kwa iye nthawi zina kudzaphunzira zilembo zawo. Anagwira dzanja la mwana wanga, naliyendetsa papepala.

"Ukumva chiyani, mwanawe?"

"Mchenga, aphunzitsi."

Anaseka. "Mchenga umenewo uuwerenga. Bambo, mubwere naye mawa."

Ndinayamba kumukweza panjinga. Tinkanyamuka ku Mbayani kusanache bwino, kudutsa m'tauni, kukwera ku Chichiri, mpaka ku Limbe. Ndikamusiya, ndinkapalasa kubwerera ku Blantyre kukatsegula makina. Akaweruka ankandidikira pakhonde la kalasi mpaka ndidzamutenge madzulo. Nthawi ya chiperoni tinkafika titanyowa, mwana akunjenjemera kumbuyo kwanga. Masiku ena achinyamata a chipani ankatiimitsa kufuna khadi la umembala. Masiku ena msewu unkatsekedwa poyembekeza mtsogoleri wa dziko, ndipo tinkaima m'mbali, ine nditagwira njinga, mwana akuomba m'manja pamodzi ndi anthu ena, osadziwa ngati galimoto zadutsa kale. Mmwenye anayamba kudandaula kuti khonde lake limakhala lopanda munthu m'mawa. Makasitomala ena anasamukira kwa telala wa pakhonde lina.

Koma mwana ankaphunzira. Madzulo ankayala pepala pamwendo, zala zikuyenda, milomo ikugwedera. Chaka chimenecho analemba mayeso koyamba, nakwera kalasi.

Chaka chikutha, ahedi a ku Limbe anandiitana. Anati ana akhungu achuluka, kachipinda n'kakang'ono, ndipo ofesi yalamula kuti sukulu iliyonse izilandira ana a m'dera lake. Wanga anali wa ku Mbayani.

"Ahedi, ku Mbayani kulibe mphunzitsi wa akhungu."

"Paja anati kulibe ana otere."

"Nanga uyu ndi wa kuti?"

"Pepani, atelala. Lamulo sindinapange ndine. Teremu ikubwerayi malo ake sindingalonjeze."

Nkhaniyi inawafika achimwene anga aakulu, amene ankalondera pa kampani ina, nawonso akukhala ku Mbayani. Kwathu ku chigwa mwana ndi wa kuchimuna, ndipo mkulu wako akalankhula za mwana wako umakhala pansi n'kumvetsera. Anabwera Loweruka masana, nakhala pampando wanga.

"Mphwanga, tadziyang'ane. Watsala mafupa okhaokha. Iwe ndi njinga yakoyo sitikudziwa adzayambe kuthyoka ndani. Mwana wamkazi, wakhungu, sukulu ya chiyani? Adzakhala kalaliki? Mutumize kumudzi azikatonola chimanga ndi azakhali ake. Kumeneko sadzagona ndi njala."

"Ndamva, achimwene."

"Wamva, koma nkhope yakoyo ndikuidziwa. Unayamba makani uli wosavala."

"Malowolo a mayi ake ndinapereka ndine. Kumudzi sapita."

Anaimirira, natenga chipewa chawo. Anatha chaka osaponda pakhomo panga.

Njira inatsala imodzi. Ngati sukulu ikufuna ana a m'dera lake, ndiye ife tikhale a m'dera lake. Nyumba ya ku Mbayani ndinaimanga ndi manja anga, njerwa ndinaumba ndekha Loweruka lililonse. Amayi a mwana anali ndi anzawo a kumpingo, ndi malo awo ogulitsira mandasi pamsika. Nditawauza zoti tisamuke, anandifunsa:

"Bambo, ndiye tikayambirenso lendi, ndi imvi zayambazi?"

"Tikayambirenso."

Nyumba tinagulitsa. Tinapeza zipinda ziwiri za lendi ku Bangwe, denga lodontha, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. Katundu tinanyamulira pa lole ya makala. Ana enawo anasintha sukulu akudandaula.

Sukulu zitatsegulidwa ndinapita kwa ahedi a ku Limbe, mwana ali pambali panga.

"Tsopano tikukhala ku Bangwe," ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi. "Mwasamuka chifukwa cha mwana mmodzi?"

"Mumulandira kapena ayi?"

Anamulandira.

Mwana anaphunzira mpaka kumaliza Sitandade 8. Pambuyo pake anaphunzira ntchito yolumikiza matelefoni, nagwira pa kampani ina ku Limbe komweko mpaka atakwatiwa, ndipo anapitirizabe ali pabanja. Ana awiri aja amene anabwezedwa naye tsiku limodzi sindikudziwa kuti anathera kuti. Wa ndodo ndinamuonapo kamodzi pa depoti ya basi, atakula, akusoka nsapato.

Ine khonde la ku Limbe sindinalipeze, makonde onse anali ndi eni ake. Ndinapitiriza kusoka ku Blantyre. M'mawa uliwonse ndinkatsika ndi njinga kuchokera ku Bangwe, madzulo n'kukwera, mpaka mawondo anakana. Pamenepo ndinabweretsa makina kunyumba, ndi kumasoka zigamba za anthu a m'mudzimo pakhomo la nyumba ya lendi.