Chete wa Bambo Pyo

Inu amene mwagwa mphwayi, imvani za Hyerim wa mumzinda uno wa Daegu. Atalephera kachiwiri mayeso olowera ku yunivesite, anadzitsekera m'chipinda. Mayi ake ankangomusiyira mpunga ndi ndiwo zamasamba za kimchi pakhomo.

Anamudzutsa ndi bambo Pyo, mkulu wosaona amene anayambitsa gulu lathu. Ndife ongodzipereka. Timapanga pulogalamu yaulere yowerengera osaona zolembedwa pakompyuta, ndipo aliyense ndi womasuka kuikonza. Tsiku lina Hyerim anayesa kukonza penapake n'kutumiza pa imelo. Zolakwika zokhazokha!

"Mwanawe, walemba ndi zala zakumapazi?" anayankha bambo Pyo. "Bwereza. Mutu uli nawo."

Anabwereza, akumubweza, akubwerezanso, mpaka anakhala katswiri woti tonse tinkadalira.

Ndiye anabwera ndi maganizo: tisiye imelo, tizikambirana pamalo atsopano a pa intaneti omwe achinyamata amawakonda. Lamulo lathu linali loti ukapereka maganizo wina osatsutsa, ndiye kuti avomera. Hyerim, mwachangu chake, anakafunsira pamalo atsopanowo. Palibe anatsutsa, tinasamuka.

Anthu anachulukadi, ntchito inathamanga. Koma bambo Pyo anangoti zii. Hyerim ankati akupuma, ndi achikulire.

Kumapeto kwa chaka anapita kukawaona atanyamula mapeyala.

"Aphunzitsi, mwatitaya bwanji?"

"Ndakutayani ine? Kumene munapitako pulogalamu yathu ikafika imangoti batani, batani, batani, osandiwerengera zokambirana. Ndinkadikira pa imelo. Ndinayesa nkhalamba yakukwanani."

Kalanga ine! Hyerim analira ngati mwana. Pulogalamu yothandiza osaona, mwini wake wosaona n'kumutsekera kunja!

Sanadzitsekerenso m'chipinda ayi. Anavutika miyezi mpaka pulogalamu ija inayamba kuwerenga malo atsopanowo. Koma pomwe ankamaliza, matenda anali atawapha ziwalo bambo Pyo, manja osagwiranso. Zokambirana zathu amazimva tsopano, kulemba ndiye ayi. Chaka chomaliza chimene akanagwira nafe ntchito chinathera kudikira. Zimandiwawa mpaka lero.

Panopa Hyerim ndiye akutsogolera gulu. Chida chatsopano chikabwera sachikana, koma amayamba waimbira foni aliyense amene sanayankhe.

"Mwavomera, kapena simunamve?" amafunsa choncho.

Inunso musataye mtima mukalephera, bwerezani. Koma zikayamba kukuyenderani, chonde kafunseni amene anakudzutsani ngati akukumvanibe, nthawi isanathe.