Galimoto Yogonamo ya a Shirakawa

Mlamu wanga, a Shirakawa Tatsuji, anakhala zaka makumi anayi akupanga tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, mumzinda wa Onomichi, osapumako ngakhale sabata imodzi. Atatseka shopu, anagula galimoto yogonamo. Inali yogwirapo kale ntchito, koma munali bedi, mbaula ya gasi ndi kafiriji. Inabweranso ndi waranti ya chaka chathunthu: kanthu kakawonongeka, ogulitsawo akonza ulere. Mkazi wawo Fusae, yemwe ndi mkulu wanga, anasoka makatani.

Pa ulendo woyamba, mvula ya mu Juni inawapeza ku Shimane akupuma masana. Denga linayamba kudontha, madzi akugwera pamphumi pa mlamu penipeni.

"Bambo, sunthani!" anatero Fusae.

"Ndisunthe bwanji? Ndikusunga umboni."

Anabwerera kugalaja komwe anaigula. Makanika wamkulu, mayi Nagamine, anakwera padenga n'kupeza labala ya kazenera kapamwamba itang'ambika. Anati yatsopano ifika pakatha masabata awiri, choncho galimoto aisiye.

"Kuisiya?" anadabwa mlamu. "Ife tinagula kuti tizigonamo, mayi. Tigona momwemo."

Mayi Nagamine anaseka mpaka misozi, kenako anawapatsa malo pansi pa shedi kuseri kwa galaja. Mlamu, poti anazolowera kulawirira, ankaphika supu ya miso, ya soya wosasitsa, ndipo amakanika akamafika ankapeza mbale zili pabenchi. Mlamuyo atalawa tofu wa m'sitolo yapafupi anati akukoma ngati sopo, ndipo anayamba kupanga wake mumphika waung'ono. Nditapita kukawaona, ndinapeza anthu a ku magalaja ena atafola ndi timbale.

Denga linakonzedwa, koma mlamu sanasiye kubwerera. Lero chitseko chikulira, mawa mpopi ukutsokomola.

"Akuluakulu, chitseko ichi n'chabwinobwino," anatero mayi Nagamine tsiku lina. "Mwabwera ndi tofu kapena ayi?"

"Ali m'firijimo."

"Basi lowetsani, tichiyang'anitsitse."

Fusae anapirira mpaka mu Julayi chaka chotsatira. Tsiku lina anatenga makiyi n'kukhala pachiwongolero.

"Kwerani, bambo. Ine sindinasoke makatani kuti ndizionera matayala akutha."

Anayendetsa yekha, n'kukweza galimoto m'sitima yapamadzi mpaka ku Hokkaido. Pachithunzi chimene ananditumizira, mlamu waima pakati pa munda wa maluwa wofika kumene maso alekeza, chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa.