Tsamba la m'Bafa la Apongozi

Ndinanyamuka Loweruka m'mawa, chisanu chili pafupi kutha, nditanyamula mwala m'chikwama. Amake Tadala, mayi wa kunyumba kwanga, anandiperekeza mpaka pageti ndi kundipatsira shuga ndi sopo zoti ndikapereke kwa amayi awo ku Domasi. Malangizo awo anali amodzi okha: "Mukalankhule ngati munthu wa mutu wabwinobwino. Kumeneko ndimalemekezeka."

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi mumzinda wa Zomba, koma mtima wanga uli pa miyala. Si miyala yogulitsa ayi, ndi ija yokhala ndi zizindikiro za zamoyo zakalekale: zigoba za nkhono zimene zinauma n'kusanduka mwala, zidutswa za mitengo yosanduka mwala, masamba odindika m'thanthwe. Ophunzira amati mafosilo. Ndili nawo angapo m'kabati imene tinagulira mbale, ndipo nkhani ya kabatiyo sinathe mpaka lero. Chimene ndinalibe, chimene ndakhala ndikuchilota, ndi tsamba lathunthu. Kuno kwathu n'kosayembekezera kulipeza, chifukwa miyala ya phiri la Zomba inachokera m'moto wa pansi pa nthaka, ndipo m'moto tsamba silisiya chizindikiro.

Tsiku lina ndikuyang'ana chithunzi cha tsamba lotere pafoni, amake Tadala anasuzumira ali ndi mbale m'manja.

"Ili? Ili lili m'bafa kwathu. Tonse takula tikukwechapo zidendene."

Akuti malemu bambo awo, pochoka ku mgodi wa malasha kumpoto kumene ankagwira ntchito, anabwera ndi mwala waphanthiphanthi wokhakhala bwino, ndipo pakati pake pali tsamba. Kumene kuli malasha n'kumene masamba otere amapezekadi. Zaka zonsezi ndili pabanja, chinthu chimene ndimachisaka chinali kupalidwa ndi mapazi m'mawa ndi madzulo! Ndinapita kumtsinje wa Likangala, ndinasankha mwala wooneka bwino woti ndikasinthanitse, ndinauika m'chikwama pamodzi ndi hamala ndi tchizulo, ulendo unapsa.

Kudepoti kondakitala anandilanda chikwama mwaulemu wake uja wofuna kasitomala. Atachinyamula anapepesuka.

"Madala, muli chiyani umu? Injini ya chigayo?"

"Ndi mwala."

"Mwala weniweni?"

"Weniweni."

"Inuyo K2,000, mwalawu K500. Ukanakhala mbuzi bwenzi ndikuti mwina utsika panjira."

Mayi wina wonyamula dengu la usipa anatembenuka kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwala mukupita nawo ku Domasi? Kumene makasu athu akuthera mano chifukwa cha miyala? Abale inu, dziko lapita." Minibasi yonse inaseka, kupatula bambo wina wa jekete lachikopa amene anakhala chete mpaka titadutsa Chinamwali. Pamenepo anandinong'oneza kuti ngati mwalawo uli wobiriwira kapena wowala, iye ali ndi munthu wake wogula. Ndinamuuza kuti ndi wokwechera mapazi. Anagwedeza mutu mondimvetsa, nati nayenso akanakhala ine sakanaulula.

Pa Songani ndinatsika dzuwa litayamba kutentha. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola, ndili chiimire, chikwama ndachipana ndi miyendo. Wakabaza wa njinga yamoto anati K3,000 mpaka kumudzi, koma atamangirira katundu wanga anayang'ana tayala lakumbuyo kwa nthawi ndithu. Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wokwera chigwa, phiri la Zomba kumanzere, la Malosa kumanja. Mpunga anali atakolola, m'madimba munali mpiru ndi tomato, ndipo pena ndi pena anthu anali kuumba njerwa. Powoloka mtsinje ndinaona miyala yosawerengeka, yaikulu ndi yaing'ono, ina yofanana ndendende ndi umene ndinaulipirira malo m'minibasi. Wakabaza anangochepetsa liwiro kuti ndiione bwino.

Woyamba kundiona pofika anali mlamu wanga Felista, mng'ono wake wa amake Tadala, amene amakhala ndi amayi pakhomopo. Pakamwa pa Felista sipakhala zipi.

"Amuna anga afika! Chikwama chonsechi ndi changa? Mwandigulira mashini osokera?"

Anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anatuluka atafunda chitenje pamapewa, anakhala pakhonde chapatali ndithu, atapenya kumbali monga mwa ulemu wake. Tinalonjerana moomba m'manja, tinafunsana za ana, za chifuwa chimene chavuta chaka chino, za mtengo wa feteleza. Thobwa linabwera. Ndinapereka shuga ndi sopo kudzera mwa Felista, kenaka inakwana nthawi yonena chimene ndinadzera.

Kwa amene sadziwa za kuno: mkamwini salowa m'bafa la apongozi ake aakazi. Ngakhale kuyang'anako sayang'ana. Ine ndikabwera kuno ndimakasamba kubafa la amalume awo a amake Tadala kuseri kwa nthochi, ndipo popita kumeneko ndimazungulira njira yaitali, maso ali kuphiri. Tsono ndinanong'oneza Felista kuti andiyalire nkhaniyo mofewa, ayambire patali.

"Amayi!" anakuwa Felista. "Alamu akuti akufuna alowe m'bafa mwanu!"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Apongozi anakhosomola pang'ono, nakonza chitenje.

"Auze abambo a Tadala kuti madzi awapititsira kwa amalume ako monga mwa masiku onse."

Ndinafotokoza ndekha, maso ali pamkeka. Ndinanena za nkhalango zimene zinaliko anthu asanalengedwe, za masamba ogwera m'matope, za matope osanduka mwala. Ndinati tsambalo likutha ndi kukwecha, ndipo ndabweretsa mwala wina wolowa m'malo. Felista anaugubuduzira kukhonde. Apongozi anausisita ndi chikhatho, nati ndi wosalala ngati sopo, sungachotse ngakhale litsiro la mwana, koma zikomo, utseka bwino chitseko cha khola la nkhuku. Za mwala wa m'bafa anati: "Chiuikire eni ake, sunasunthepo."

Ndinapempha kuti mwina Felista akaujambule. Mantha anga anali akuti mwina si tsamba n'komwe, poti madzi akamalowa m'ming'alu ya mwala amasiya timizere takuda tonga nthambi, ndipo ambiri amapusa nato. Felista anapita ndi foni yanga, nabwera ndi zithunzi zitatu. Choyamba chinali cha chidebe, chachiwiri cha phazi lake, chachitatu cha nkhope yake akumwetulira.

Tinadya mpunga wa nyemba, ine pamkeka ndekha. Mpunga wa ku Domasi umanunkhira mpaka kwa aneba, koma tsikulo sindinaumve kukoma. Ndinayamba kuganiza zoimbira wakabaza uja. Ndipamene apongozi analankhula, akuyang'ana nkhuku.

"Felista, kodi bafa n'chiyani?"

"Ndi mosambira, amayi."

"Ayi. Bafa ndi mpanda. Mpanda ukachoka, pamatsala pabwalo. Pabwalo mkamwini amayendapo." Analoza kubafako. "Komanso mpanda uja waweramira kumodzi. Anzanga onse akamwini awo anawamangira atsopano mwezi watha. Ine wanga ndi wa mu ofesi, ndiye ndimangokhala chete."

Nditatembenuka ndinaona mitolo ya tsekera itatsamira kukhitchini, nsungwi zong'amba kale, ndi mpukutu wa linya pamwamba pake. Zonse zinali zokonzeka, zikungodikira munthu. Ndinakumbukira kuti amake Tadala anakhalitsa pafoni Lachinayi madzulo, chitseko atatseka.

Ndinavula shati ya mu ofesi. Felista anachotsamo chidebe ndi zina zonse zosayenera maso anga, ndipo ndinayamba kugwetsa mpanda ndili kunja, nkhope nditatembenuzira kumbali. Udzu wakalewo unali fumbi lokhalokha, unandilowa m'mphuno ndi m'khosi. Ana a aneba anabwera kudzaonerera, amayi awo anatsatira ponamizira kudzawatenga. Pamene mbali yomaliza inagwa, Felista analengeza kuti tsopano ndi pabwalo, ndikhoza kuyang'ana.

Ndinathira madzi pamwalapo, ndipo tsamba linatuluka. Linali lalitali kuposa chikhatho changa, looneka ngati lilime, msempha wapakati uli gwa, timisempha tating'ono tikuchoka m'mbali n'kumalukanalukana ngati ukonde. Silinali la timizere tamadzi ayi. Linali lenileni, lija ndimaliona m'mabuku. Ndinagwada pamatope a sopo, ndipo sindibisa, misozi inalengeza. Kumbuyoku ndinamva mayi wina akufunsa ngati mpingo wa bamboyu ndi wachilendo.

Nditapukuta maso ndinaona chinthu china. Mwalawo unali ndi timaenje tiwiri tosalala, kamodzi mbali iyi ya tsamba, kena mbali inayo. Ka kumanzere kanali koyera, kowala ndi kukwechedwa. Ka kumanja kanali kakuya kuposa kanzake, koma kobiriwira ndi ndere.

"Kumanjako n'kwa malemu."

Apongozi anali ataima pambali panga penipeni, pafupi kuposa mmene anayandikirapo chikwatirire mwana wawo. Analankhula ndi ine mwachindunji, osadzera mwa Felista.

"Anali ndi ming'alu m'zidendene yoti mukhoza kubisamo khobidi. Ankati ya kumgodi. Madzulo alionse ankakhala apa kukwecha, akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Anawa ankakwecha paliponse ali aang'ono, koma chimwalirire bambo awo ndinawaletsa mbali imeneyo. Tsambalo ankati ndi malire, aliyense azikwecha kwake." Anaseka pang'ono, kenaka anayang'ana hamala ndi tchizulo zimene zinali kusuzumira m'chikwama changa. "Mwagwira ntchito, bambo. Ngati mtima wanu uli pamenepo, dulani pakatipo mutenge. Ine zidutswa zindikwanira."

Atatero anatembenuka, nayamba kutola tsekera wakale mmodzimmodzi, ntchito yosafunika kuigwira.

Ndinaika tchizulo pamwala kuyeza. Kunsonga tsambalo linali litadyeka kale ndi chidendene cha malemu, ndipo kuphata linali kulowera m'kadzenje ka apongozi. Panalibe podula posaswa timaenje tonse tiwiri. Ndinalifuna tsamba lija, abale, ndinalifuna ngati mmene mwana amafunira nyama ya m'mbale ya alendo. M'kabati mwanga ndinali nditakonza kale malo ake. Koma ndinayang'ana msana wa mayi uja akutola udzu, ndipo dzanja linakana kukweza hamala. Ndinajambula zithunzi zambirimbiri, ndinayala pepala pamwamba pake n'kulisisita ndi pensulo mpaka misempha yonse inaoneka, basi ndinabweza zida m'chikwama.

"Amayi, mwalawu ukhale. Ukhoza kusweka molakwika."

"Chabwino," anayankha osatembenuka. "Felista, apatse alamu ako nsungwi. Dzuwa likupita."

Kumanga bafa ndi ntchito, musamve zonena. Kukumba maenje, kuzika mitengo, kumanga nsungwi zopingasa, kuyala tsekera, kumupana ndi nsungwi zina, kukoka linya mpaka zala zitatuluka matuza. Felista anali kapitawo, akundiuza kuti mzere wanga wakhota ngati njira ya woledzera. Mbali zitatu zitatha, apongozi anati tsopano layambanso kukhala bafa, yotsalayo ndimange ndili kunja. Ndiye ndinamanga chobwerera m'mbuyo, mtolo uliwonse ukundibisira tsamba langa pang'onopang'ono. Pomaliza panatsala kampata kolowa dzanja. Ndinasuzumira komaliza, Felista anakhosomola mokweza, ndinatseka.

Wakabaza anabwera dzuwa litapendeka kuphiri. Apongozi anandipatsa kathumba ka mpunga, ndipo anandiperekeza okha mpaka pamsewu, zimene sanachitepo. Ndisanakwere ndinalimba mtima.

"Amayi, kodi mpanda wotere umakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Chiswe cha kuno sichichedwa," anatero. "Mvula ikangodutsa kamodzi, mudzamve uthenga."

Pa Songani ndinapeza minibasi yotsala munthu mmodzi, ndipo ulendo uno palibe anandilipiritsa katundu. Ndinafika kunyumba nyali zitayaka, msana ukuwawa, tsekera ali m'tsitsi. Amake Tadala anayang'ana manja anga, anayang'ana pepala la pensulo lija nthawi yaitali, nalozera ndi chala pamene tsamba linadyeka nsonga. "Apa ndi pa adadi," anatero, ndipo anapita nalo kuchipinda osandipempha.

Ndinapita ku Domasi kukapulumutsa tsamba kwa anthu osadziwa mtengo wake, ndipo ndinapeza kuti likusungidwa bwino kuposa mmene kabati yanga ikanalisungira. Lidzatha ndithu, pang'onopang'ono, pansi pa chidendene cha mayi wokalamba, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Koma ndili ndi chilolezo choliona kamodzi pachaka, malinga ndigwetse mpanda ndi kumanga wina. M'Zomba monse muno, ndikhulupirira ndine ndekha mwamuna amene akupempherera chiswe kuti chidye msanga.